Ulemu kwa a Dzimbiri a pa rimu

Msomali ndi wamwano. Umalowa m'tayala osaodira, tayala n'kuphweratu pomwepo, munthu n'kugwada ndi jeke pa Zalewa dzuwa likuswa mtengo. A Dzimbiri a pa rimu satero ayi, iwo analeredwa. Amatapa mpweya pang'onopang'ono mwini galimoto ali m'tulo, moti m'mawa akaliyang'ana tayala amangoti kaya ndi maso angawa. Lolemba geji ikuti 32, Loweruka ikuti 24, koma palibe wamva ngakhale kamluzu.

Ndi alendo olemekezeka, ochokera kutali. Ambiri anabadwira ku Japan, madera ozizira monga Hokkaido, komwe amathira mchere m'misewu kuti chipale chisungunuke. Mcherewo ukalowa pansi pa penti ya rimu ya aluminiyamu, aja timati mamagi, a Dzimbiri abadwa basi. Ena atsika sitima ku Durban, adutsa Beitbridge ndi Nyamapanda, awoloka Zambezi pa Tete, afika pa Zobue, n'kulowa pa Mwanza opanda pasipoti. A MRA amawerengera galimoto msonkho wake, koma iwo amadutsa ali phee, atabisala pomwe mlomo wa tayala umakumana ndi rimu.

Kudzionetsera sakudziwa. Abale awo a pa malata amafiira mpaka mudzi wonse kuona, pomwe iwo ndi kaufa kotuwa chabe, kotukula penti ndi kusiya timaenje. Tayala la chubulesi limasunga mpweya chifukwa mlomo wake umakanirira pamalo osalala. Pakangobwera timaenje, mpweya wapeza njira.

Luso lawo lenileni ndi kunamizira anzawo. Woyamba kuzengedwa mlandu ndi vavu, ndipo amaisintha ilibe tchimo. Kenako asaka msomali tayala lonse, mulibe. Wokwiya agula tayala latsopano, nalonso patapita masiku layamba kugona. Apa mpomwe pamatuluka mawu oti "pali dzanja la munthu", ndipo azakhali a ku Thambani, amene sadziwa n'komwe kuti rimu n'chiyani, amaleka kulandira shuga.

Nanga mabanja amene akudya chifukwa cha iwo? Mnyamata wa kompuresa pa boma la Mwanza amadziwa makasitomala ake ndi nkhope: wa Sienta uja amayamba wapopetsa asanakweze anthu ndi madengu a manachesi opita ku Blantyre. Tayala lofewa limalemera pamsewu, galimoto imamwa mafuta ambiri, ogulitsa mafuta akumwetulira. Limadyeka m'mbali pakati pakadali mano, ogulitsa matayala nawo akuthokoza. N'zoona kuti tayala lotere limatentha, ndipo pa M6 mu Okutobala, litasenza katundu, litha kuphulika. Koma ndi mfumu iti yosapsa mtima?

Chomvetsa chisoni n'chakuti pali amisiri ena opanda ulemu amene amawadziwa pogona. Amagoneka gudumu pansi, n'kuthira madzi a sopo kuzungulira m'mphepete mwa rimu, n'kudikira osapupuluma. Timathovu ting'onoting'ono tikayamba kundandalika, agwidwa. Amatembenuzanso gudumulo, poti mbali yam'kati nayo imabisa. Akatero amavula tayala, n'kuwapala agogowa ndi burashi ya waya, kenako sandipepa, mpaka aluminiyamu atawala. Apukuta mlomo wa tayala, ayeretsa kabowo ka vavu, aika vavu yatsopano, apaka penti pamalo opalidwawo, ndipo ikauma apakanso mankhwala akuda omata aja a bead sealer. Tangoganizani, mlendo woti wawoloka nyanja kuthamangitsidwa ndi kapepala ka mchenga! Rimu yong'aluka kapena yopindika m'zigwembe ndi mlandu wina, umenewo musawasenzetse iwo.

Mwayi wake abwenzi sawasowa. Pali uja amavula tayala ndi zitsulo zokanda penti, kuwalimira munda watsopano. Pali wa girisi, amene amatseka kabowo kwa kanthawi kwinaku girisiyo akuwononga labala. Ndiye pali wokondedwa wawo, amene amangoti "bwana, tingoikamo chubu", rimu osaipala n'komwe. Ameneyo a Dzimbiri amamupempherera, poti wawasiya m'nyumba yawo, wawabweretseranso ndiwo.