Kalata Yowongola Nkhani ya Kapinga wa Pachithunzi

Johannesburg

Kwa a Malume, eni mbumba, ndi onse a pakhomo,

A Malume adziwe kuti mwana wa mlongo wawo, amene m'kalata ino azitchedwa wolemba, akudzuka bwino, kupatula chimfine cha m'nyengo yachisanu chimene sichifunsa chiphaso chisanamugwire munthu. Cholinga cha kalata ino ndi kuwongola maganizo amene afala pakati pa abale chifukwa cha zithunzi zimene wolemba wakhala akutumiza pa WhatsApp, pakuti zamveka kuti kapinga, maluwa ndi madzi zooneka kumbuyo kwake zawerengedwa kale pa chuma cha banja, ndipo mndandanda wa zopempha, umene chaka chatha udali ndi matumba awiri a feteleza basi, tsopano wafika pa malata, njinga yamoto ndi foni ya alamu. Malo onsewo ndi mapaki, ndipo paki ndi munda umene boma kapena khonsolo ya mzinda imapatula kuti anthu azikapumako, munda wolimidwa, wothiriridwa ndi wopaliridwa chaka chonse popanda wokololamo ngakhale dengu limodzi.

Kuti chizolowezi chopita kumalo oterewa chimveke, nkoyenera kuyamba ndi ntchito ya wolemba, imene ndi ya m'gadeni, monga ilili ya Amalawi ambiri kuno. Gadeni ndi bwalo la nyumba ya bwana, mmene udzu umadyetsedwa feteleza kuti ukule, ukakula n'kudulidwa ndi makina, ukadulidwa n'kuthiriridwa kuti ukulenso, ndipo zimazungulira chomwecho mpaka mwezi utatha. Chisoso ndi bonongwe zimene zimamera pakati pa maluwa, dona amazitcha udzu woipa n'kulamula kuti zizulidwe, lamulo limene wolemba amalitsata mokhulupirika ndi jumbo m'thumba, chifukwa madzulo ake udzu woipawo umakumana ndi tomato ndi nsinjiro. Munthu amene wagwada pa kapinga wa mwini kuyambira Lolemba mpaka Loweruka, osaloledwa ndi ulemu wake kukhalapo chotambalala, amalakalaka tsiku limodzi lokakhala pa udzu umene wadula wina, ndipo mapaki amamupatsa tsikulo Lamulungu akaweruka ku tchalitchi.

Paki yoyamba imene mlendo amakumana nayo ndi Joubert Park, yakale kuposa zonse mumzindawu, imene ili pafupi ndi Park Station, pamene mabasi odzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge amatsitsira anthu miyendo itatupa. Dzina lake ndi la Piet Joubert, mkulu wa asilikali a Mabunu, ndipo m'kati mwake mudamangidwa nyumba yosungiramo zojambulajambula ya mzindawu. Pakiyi idatchuka ndi ojambula zithunzi oyendayenda ndi makamera m'khosi, amene amadziwa kumuimika munthu wopanda ndi randi imodzi yomwe pafupi ndi duwa, dzanja lili m'thumba lopanda kanthu, n'kumutulutsa ngati mwini sitolo. Masana pa udzu pamagona ofuna ntchito, aliyense atatsamira nsapato zake, mchitidwe umene akatswiri a moyo wa m'tauni amaufotokoza kuti umathetsa mavuto awiri nthawi imodzi, la pilo ndi la akuba. Chithunzi choyamba chimene chidafika kumudzi chidajambulidwa pamenepa, ndipo jekete looneka pachithunzipo lidabwezedwa kwa mwini wake tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe.

Chithunzi cha nyanja, chimene azakhali akuti adachionetsa ku Mvano, ndi cha Zoo Lake, dziwe lokumbidwa ndi anthu moyang'anizana ndi malo osungirako nyama. Golide atapezeka mu 1886, dera lino lidali dambo la udzu losowa mitengo, choncho eni migodi adabzala nkhalango yotchedwa Sachsenwald kuti azipeza mizati yochirikizira ngalande za pansi pa nthaka, ngalande za mtundu umene agogo aamuna adakwawamo pa nthawi ya Wenela. Mu 1904 gawo la nkhalangoyo lidaperekedwa ku mzinda pokumbukira Hermann Eckstein, mmodzi wa akuluakulu a migodi, ndipo operekawo adamanga mfundo yakuti malowo akhale otsekukira anthu a mitundu yonse, mwakuti ngakhale m'zaka za tsankho, pamene benchi idali ndi khungu lake, munthu wakuda ankaloledwa kupondapo. Madzi otumphuka pakati pa dziwelo adaikidwa mu 1937 pokondwerera kuvekedwa ufumu kwa George VI wa ku Britain, kotero mphekesera yakuti ndi mjigo umene wolemba wakumbitsa ithe lero.

Pa dziwe limeneli pamachitika zinthu ziwiri zimene munthu wa ku Nkhotakota kapena ku Mangochi angazitenge ngati misala. Choyamba n'chakuti anthu amalipira ndalama kubwereka bwato, n'kupalasa mozungulirazungulira kwa ola lathunthu popanda ukonde, mbedza kapena kopita, kenaka n'kutsikira pomwe adakwerera akuseka. Chachiwiri n'chakuti atsekwe ndi abakha onenepa amayenda pakati pa anthu mwamatama ngati ana a mfumu, kulanda buledi m'manja mwa ana, popanda wowaponyera ngakhale chibuma, pamene chapafupi pomwepo anthu akuwotcha nyama yogula ku sitolo pa mwambo wotchedwa braai, umene ndi kanyenya wochita kukonzekera ndi mipando yopinda. Wolemba waphunzira kuwayang'ana atsekwewo ndi maso a munthu wophunzira, ngakhale kuti m'mimba mwake maphunzirowo sadafikemo.

Mtunda pang'ono kuchokera pamenepo pali Johannesburg Botanical Garden, munda wa mahekitala 81 m'mbali mwa damu la Emmarentia, limene Louw Geldenhuys adakumbitsa nkhondo ya Mabunu ndi Angerezi itatha mu 1902 pofuna kupatsa ganyu anzake osowa pogwira, ndipo adalitcha dzina la mkazi wake. Mfundo yomalizayi alamu asaimve, chifukwa ingautse mapokoso m'mabanja mmene mkazi sadatchulidwepo ngakhale pa khola la nkhuku. Munda wa mtundu umenewu umasiyana ndi paki wamba pakuti zomera zake zimasungidwa kuti ziphunziridwe, monga zimachitikira ku munda wa m'munsi mwa phiri la Zomba, ndipo mitengo yambiri ili ndi kachikwangwani konena dzina lake m'Chilatini ndi dziko lochokera. Apa ndi pamene wolemba adazindikira kuti ku Joni mtengo ukhoza kukhala ndi mapepala okwanira kuposa munthu wokhala pamthunzi pake.

Malo omwewa ndi likulu la agalu a mzindawu, ndipo a Malume, amene galu wawo amadziwa yekha kosaka chakudya, akhale pansi asanawerenge zotsatirazi. Galu wa ku Emmarentia amabwera pa galimoto atakhala kutsogolo, m'nyengo yozizira amavala juzi, ndipo akadzithandiza pa udzu, mwini wake, munthu wa madigiri ndi nyumba yosanja, amawerama ndi kajumbo kovala kudzanja n'kutola zonse mwaulemu. Wolemba wakhala akuliganizira funso lakuti pa awiriwa wolemba mnzake ntchito ndani, ndipo yankho silidapezeke.

Kumadzulo kwa mzinda, ku Roodepoort, kuli Walter Sisulu National Botanical Garden, munda umene udakhazikitsidwa mu 1982 ndipo mu 2004 udapatsidwa dzina la mtsogoleri amene adamangidwa pamodzi ndi Nelson Mandela ku Robben Island. Kumeneku pakhomo amalipiritsa, ndipo chimene munthu amagula ndi ndalamayo ndi mathithi a Witpoortjie, otalika mamita pafupifupi 70, pamodzi ndi ziwombankhanga zakuda zimene zimamanga chisa pathanthwe la pambali pake. Anthu achikulire amaima kwa maola ambiri makosi ali chagada, atanyamula magalasi oonera patali, ndipo mbalameyo ikangotambasula mapiko onse amanong'ona mwamantha ngati alowa m'kachisi. Wolemba, amene ubwana wake wonse udathera pa kukuwiza mbalame za mtundu womwewu kuti zisatole anapiye a agogo, adaima nawo pamzerewo atalipira, ndipo akupempha kuti nkhaniyi isafike kwa anyamata oweta mbuzi.

Chithunzi chimene chabweretsa chisokonezo chachikulu ndi cha ku Pretoria, pa minda ya Union Buildings, nyumba za boma zimene Herbert Baker adajambula mapulani ake ndipo zidatha kumangidwa mu 1913. Mindayo idasemedwa pa chitunda m'masitepe ngati migula yotchinga madzi, ndipo pakati pake paima chifanizo cha Mandela chotalika mamita 9, manja ali chotambasula, chimene chidavundukulidwa pa 16 Disembala 2013. Munthu aliyense amaloledwa kuyenda m'mindamo ulere, choncho mawu amene akuti adanenedwa pa maliro ena, akuti wolemba tsopano akugwira ntchito ku ofesi ya pulezidenti, abwezedwe pa maliro otsatira. Mu Okutobala misewu ya mzindawo imafiirira ndi maluwa a jakaranda, mtengo wodziwika ku Blantyre ndi ku Zomba komwe, umene kwawo kwenikweni ndi ku South America. Boma lidaulemba pa mndandanda wa zomera zachilendo zolanda malo, koma ikuluikulu ya m'misewu idasiyidwa chifukwa anthu adaikonda, ndipo wolemba amaiona ngati matchona, ndiko kuti aja adapita kunja n'kuiwala njira yobwerera, amene zawo zidayenda.

Minda ya kutali wolemba adaiona chifukwa cha tchuthi cha bwana cha mu Disembala, pamene adatengedwa ngati woyang'anira katundu ndi agalu. Ku Cape Town kuli Company's Garden, imene idayamba mu 1652 ngati dimba lenileni la Jan van Riebeeck, lodyetsa amalinyero a zombo za Adatchi amene nkhama zinkatupa chifukwa chosowa masamba panyanja, koma lero mbali yake yaikulu ndi maluwa, mabenchi ndi agologolo amene amadya mtedza m'manja mwa alendo, mtedza womwe kumudzi gologolo amaufera. Ku Durban kuli munda umene udakhazikitsidwa mu 1849, ndipo uli ndi chomera chonga kanjedza chotchedwa Wood's cycad, chimene John Medley Wood adachipeza m'nkhalango ya Ngoye mu 1895. Zomera za mtunduwu zimakhala zazimuna ndi zazikazi monga mapapaya, koma chimene chidapezekacho chidali chachimuna, ndipo chachikazi chake sichidaonekepo mpaka lero ngakhale akatswiri asakasaka. Azakhali, amene uthenga wawo uliwonse umathera pa funso la banja, adziwe kuti pali mbeta yamphongo imene yadikira zaka zoposa 100 ndipo anthu akuilemekezabe mpaka kuimangira mpanda.

Akuluakulu adanena kale za chikomekome cha nkhuyu, ndipo nyerere za nkhuyu ino zili motere. Wolemba amagona m'kachipinda ka kuseri kwa garaja, kamene bedi likalowa chitseko chimatsekuka theka, ndipo munda wake weniweni ndi zigubu zitatu zakale za penti zoboola kunsi, chimodzi cha mpiru, china cha tsabola wa kambuzi, chachitatu cha tomato amene akulimbana ndi chisanu cha mu Julaye atafunditsidwa thumba la simenti. Chithunzi cha zigubuzi chatumizidwa pamodzi ndi kalata ino kuti chionetsedwe kwa onse amene adaona zoyamba zija, ndipo mndandanda wa zopempha ukonzedwenso molingana ndi kukula kwa mundawo. Ndalama ya feteleza ifika mwezi ukatha kudzera kwa wonyamula katundu wa masiku onse, koma njinga yamoto idikire kaye tomato abereke.

Pomaliza, wolemba naye ali ndi pempho lake limodzi kwa eni mbumba. Zamveka kuti mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba ya agogo, pamodzi ndi mkuyu wa kudambo, yaikidwa pa ndondomeko yowotchera njerwa za nyumba imene malata ake akuyembekezeka kuchokera ku Joni. Popeza malatawo adali a pachithunzi, nkhwangwa ibwerere pamalo pake, chifukwa munthu amene wakwera mateksi awiri ndi kulipira pakhomo kuti akakhale pamthunzi wa mtengo wa eni waudziwa mtengo wake wa mthunzi. Wolemba akadzatsika basi akufuna kudzapeza mphasa pansi pa mango aja, popanda wolipiritsa, popanda kachikwangwani ka Chilatini, ndiponso popanda dona woloza chala pa udzu umene watsalira. Nkhuku iliyonse yodzadutsa pamenepo mwamatama idzadziwe kuti si tsekwe wa ku Zoo Lake.

Moni apite kwa amayi, azakhali, alamu ndi ana onse.

Wolemba ndi mwana wa mlongo wawo,
mwini zigubu zitatu, ku Joni