Malamulo a Wopachika Chithunzi cha Apulezidenti

Azungu a ku Britain anadandaula kwambiri mu 2022 ataona nduna zazikulu zitatu m'chaka chimodzi: Boris Johnson, Liz Truss wa masiku 49 uja, ndi Rishi Sunak. Akanatifunsa ife a mu Lusaka tikanawaphunzitsa ulele, chifukwa atatu athu anakwanira m'miyezi itatu. Pulezidenti Michael Sata anamwalira ku London pa 28 Okutobala 2014, a Guy Scott anagwirizira mpando, ndipo pa 25 Januwale 2015 a Edgar Lungu analumbira. Tcherani khutu, malamulo ake ndi awa.

Loyamba: chithunzi cha apulezidenti osachikhomera misomali inayi. Inu amasitolo a mu Cairo Road, gulani felemu imodzi yotsekula kumbuyo, muzingosintha nkhope ogula asanalowe. Cha wogwirizira musawonongerepo ndalama. A Scott anali ndi masiku 90 basi, ndipo sakanaima pachisankho poti makolo awo anabadwira kunja. Lamulo limenelo linali lija la 1996 limene anatchera a Kaunda. Msampha susankha mwendo.

Lachiwiri: amayi a pamsika wa Kabwata, sungani zitenje zitatu m'chikwama. Chobiriwira cha chipani cha PF, chofiira cha UPND, ndi chabuluu cha MMD ngati sichinasanduke kale katani ya kubafa. Musanamange chilichonse m'chiuno, yambani mwasuzumira anyamata amene aima pageti. Cha wogonja chiberekereni mwana, nkhope kuloza mkati.

Lachitatu, ndipo ili lilowezeni pamtima: osafulumira kululutira. Lolemba pa 3 Novembala 2014, maliro a Sata asanaikidwe n'komwe ku Embassy Park, a Scott anachotsa a Lungu pa ulembi wamkulu wa PF. Usiku womwewo mumzinda munabuka zipolowe. Mawa lake Lachiwiri a Lungu anabwezeredwa pampando wawo. Amene anavina Lolemba anadzuka akulumbira kuti, "Bwana, ine ndinali nanu kuyambira kale." Choncho mukamva nkhani pawailesi, ingonenani kuti "zoona?" n'kudikira mawa.

Lachinayi: khanda lobadwa nyengo yotere lipatseni dzina la agogo ake. Lachisanu: ana asukulu a ku Chelstone azilemba dzina la mtsogoleri wa dziko ndi pensulo. Mabwana a ku Kabulonga ndi Woodlands sindikupatsani lamulo. Inu mumadziwa nambala ya foni ya wopambana mavoti asanawerengedwe.

Koma kunena zoona, zimanyansa. Pulezidenti Levy Mwanawasa atamwalira mu 2008 tinachita chisankho chapadera. Mu 2015 tinachitanso china, pakati pa dzinja, ndipo mwa anthu atatu olembetsa anavota ndi mmodzi. Mu Ogasiti 2016 tinafolanso pamzere. Zinatengera maliro awiri kuti lamulo lisinthidwe mu 2016, loti wachiwiri kwa pulezidenti azimaliza nthawi yotsala. Nthawi yonseyo makada a chipani ankatolerabe ndalama kwa madalaivala pa siteshoni ya mabasi ya Intercity, magetsi anathimathima mu 2015, ndipo ku Kanyama madzi ankalowabe m'nyumba.

Lomaliza ndi la tonse: wobwera aliyense muombereni m'manja pang'ono chabe, dzanja linalo likuloza mtengo wa thumba la unga. Akakwiya, musadere nkhawa. Iwo ndi odutsa, inu ndinu okhala.