Bwanji Osangopaka Girisi?

Inu odziwa, ndithandizeni. Kusukulu anatiphunzitsa kuti okosijeni ndiye moyo, ndipo kuchipatala munthu akabanika amathamangira kumuika pa okosijeni. Nanga bwanji anthu obira pansi pa madzi atabereka silinda kumsana, monga aja amakaona mbuna ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay, amati mpweya womwewu ukachuluka m'silinda zida zawo zitha kuyaka? Chitsulo n'kuyaka?

Poyamba penipeni, amawonjezereranji okosijeniyo? Mpweya tikupumawu uli ndi okosijeni 21 peresenti ndi naitirojeni 78 peresenti. Akuti wovuta ndi naitirojeni: munthu akakhalitsa pansi, naitirojeniyo amalowerera m'magazi ndi m'minofu, ndipo ukavuuka mothamanga amasanduka timathovu topweteka m'thupi. Choncho amamuchepetsa, n'kukweza okosijeni kufika pa 32 kapena 36 peresenti. Msanganizowu amautcha nitrox. Ndiye osangodzaza okosijeni yekhayekha bwanji? Ayi, akuti kozama amaphuphitsa munthu mpaka kukomoka. Wosasakaniza amathera pa mamita 6, pomwe wa 32 amafika cha pa mamita 34.

Zimenezo ndamva. Koma motowo uchokera kuti, poti pansi pa nyanja palibe woyatsa machesi? Akuti okosijeni payekha sayaka, koma akachuluka ndi kupanikizika, zinthu zimene timaziona ngati zosayaka zimalilima. Kadontho ka oyilo, kaulusi ka nsanza, kamphete ka labala, zonsezi ndi nkhuni. Kutentha nako kuli pafupi. Mukapopa njinga mwamphamvu, pampu imatentha m'manja, si choncho? Silinda imadzadzidwa kufika pa 200 bar, ndipo ukatsegula valavu mwadzidzidzi mpweya umathamangira m'kanjira kopapatiza, n'kupanikizika, n'kutentha koopsa m'kanthawi kochepa. N'chifukwa chake amatsegula pang'onopang'ono. Wokayika amuuza za Apollo 1: pa 27 January 1967, Gus Grissom, Ed White ndi Roger Chaffee anafa pa moto m'chombo cha mumlengalenga chodzaza okosijeni yekhayekha, chisananyamuke n'komwe.

Apa ndi pamene mutu wanga waima. Chikhalire ndimadziwa kuti chitsulo chimakonda girisi, ndipo chikalira umachipaka. Lero mukuti girisi ndi mdani? Ngakhale wa silicone uja, amene amapaka pa zida wamba zobirira, akuti pano ayi. Pamafunika mafuta apadera monga Krytox kapena Christo-Lube, pang'ono chabe, ndipo timphete ta labala wamba amasintha n'kuikapo ta Viton. Titanium, chitsulo chodula chija, nachonso amachikana chifukwa chimayaka mu okosijeni wochuluka. Kani owotcherera a gasi akamaletsa kugwira geji ya okosijeni ndi manja a oyilo amanena zomwezi?

Akutinso zidazi zimafunika kutsukidwa mwapadera. Nanga kutsukako n'kotani, poti chida chimene chimakhalira m'madzi ine ndimati n'choyera kale? Akuti amamasula chilichonse, kuchotsa dzimbiri, kuviika m'madzi ofunda a sopo wochotsa mafuta, kawirikawiri m'kabeseni ka ultrasonic, kutsukuluza mobwerezabwereza, kenako kuumitsa ndi mpweya wopanda oyilo. Pogwira amavala magolovesi, chifukwa nacho chala chili ndi mafuta ake. Adziwa bwanji kuti chayera, poti maso saona? Amathirapo madzi: akayalana bwinobwino ndiye kuti chayera, akaundana timadontho mafuta akadalipo. Amapukutanso ndi kansalu koyera n'kukayang'ana, ndipo amaunika ndi nyali ya UV mumdima, pomwe mafuta ena amanyezimira.

China sichikundilowabe. Ku America ambiri amati kutsuka kotere kumafunika okosijeni akapitirira 40 peresenti, koma malamulo a ku Ulaya amayambira cha pa 22. Kodi okosijeni akawoloka Atlantic amasintha khalidwe? Pa silinda pokha ndamvetsa: ena posakaniza amayamba athira okosijeni yekhayekha kenako mpweya wamba pamwamba, ndiye silinda ndi valavu yake zimakumana ndi 100 peresenti ngakhale pamapeto palembedwe 32.

Akatsuka amamata chizindikiro chokhala ndi deti. Komatu akuti kungodzaza kamodzi pa kompuresa yodontha oyilo, ntchito yonse ija yapita. Ndiye ndikabwereka silinda, chizindikiro chili mbee, ndidziwa bwanji kumene inadzadzidwa mwezi watha?