Chikomekome cha tayala

Amene anapeka mwambi woti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere sanaonepo galimoto, koma ndikhulupirira kuti mzimu wake umayendera malo ogulitsira matayala a kaunjika pa Mangochi boma. Pitani m'mawa mukaone. Mnyamata wakhalira tayala pakati pa miyendo, chiguduli m'manja, akulipaka polishi mpaka kuda bii, kunyezimira. Mukangoima, mwini malo wafika kale. "Ili ndi la ku Japan, bwana. Silinapondepo fumbi." Zoti linatha zaka zingati likuwauka padzuwa lisanafike kuno, nkhani imeneyo siyambidwa.

Nyererezo sizichedwa kutuluka. Kale msewu wa Liwonde kupita ku Mangochi unali ndi maenje, ndipo maenjewo ankagwira ntchito ya apolisi: palibe ankathamanga. Chiukonzereni, phula lili see, phazi la dalaivala limalemera lokha. Mu Okutobala phulalo limatentha moti wa kabaza wopanda nsapato satsitsa phazi pansi. Tayala likamazungulira limapindika n'kuwongoka, ndipo kupindikako kumabala moto m'kati. Mukalipatsa mpweya wochepa, katundu n'kuchuluka, limapindika kwambiri, mphira n'kulekana ndi mawaya. Kenako phuu! Musanafike n'komwe pa Ulongwe, mwakhala pansi pa mlambe kudikira jeke wobwereka.

Musaganize kuti nkhuyu imanyenga osauka okha. Onani alendo athu aja ochokera ku South Africa ndi ku Germany, amene amabwera pa malole osandutsidwa nyumba, akulowera ku Cape Maclear. M'menemo muli bedi, fuliji, chimbudzi, ndi thanki ya madzi. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye malita 200 ndi anthu atatu onenepa bwino amene salipira. Ena mwa alendowa amaveka malole awo matayala a mano akuluakulu, a m'matope, chifukwa anamva kuti akubwera ku Africa. Matayalawo amaoneka aukali, ana a ku Cape Maclear amawazungulira n'kumawasisita. Koma ulendo wonse kuchokera pa Mwanza kapena pa Dedza mpaka ku Monkey Bay ndi wa paphula. Matayala oterewa paphula amalira wuuu tsiku lonse, amamwetsa mafuta, amatha msanga. Munthu wagula nsapato za kudambo kuti akavinire ukwati. Galimoto yolemera yokhalira pamsewu waukulu imafuna tayala la mizere wamba, lolimba m'mbali, losachititsa kaso ngakhale pang'ono.

Apa mwambi uja ukupunduka mwendo umodzi. Nkhuyu umaing'amba kuti uone nyerere, ndipo ukazipeza umangouzira n'kudya, monga tinkachitira tili ana. Tayala suling'amba. Mwayi wake ngwakuti tayala limaulula: zonse linalemba patsaya pake, kungoti tizilembo take ntating'ono ndipo polishi uja amatiphimba. Weramani. Pamene palembedwa DOT, manambala anayi omaliza ndi tsiku lobadwa: 2316 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2016. Kampani ya Michelin yomwe imalangiza kuti tayala likakwana zaka khumi lipume, ngakhale mizere yake ioneke yakuya. Nambala ina, yoyandikana ndi saizi, imanena katundu amene lingasenze: 100 ndi makilogalamu 800, pamene 121 ndi 1,450. Chilembo C kapena LT chimatanthauza kuti analipangira magalimoto onyamula katundu. Mukaveka lole ya usipa tayala la galimoto yopitira ku ofesi, musadzanamizire mfiti za kwa apongozi.

Palinso akatswiri ena, ndipo luso lawo ndimaligomera ngakhale limandiopsa. Tayala losalala amalisemanso mizere ndi kachitsulo kamoto, bwinobwino, mizere yoongoka kuposa ya kufakitale. Pa matayala ena a malole akuluakulu zimenezi n'zololedwa, amachita kulembapo. Pa ena onsewo, wosemayo akudya mphira imene imateteza mawaya. Pisani chikhadabo mumzeremo. Mukakhudza waya, tsanzikani mwaulemu. Yang'ananinso ming'alu ing'onoing'ono m'mbali, ndi chotupa chilichonse.

Ndiye pali mwambo wathu woyeza mpweya: kulimenya theche tayala, kumvetsera, n'kugwedeza mutu ngati dokotala. Theche silinayezepo kanthu. Mpweya umayezedwa ndi geji, m'mawa tayala lisanatenthe, ndipo sipeya nayenso ayezedwe, chifukwa ameneyo ndiye amapezeka ataphwa tsiku la tsoka. Amene akukwera phiri la ku Namwera kupita ku Chiponde, kapena kutsika makhotakhota a ku Golomoti nyumba yonse ili kumsana, ayambe wagwada pa tayala lililonse n'kuwerenga. Wogulitsa akaona mukupukuta polishi ndi chala kufuna manambala aja, mtengo umatsika wokha, ndipo mwadzidzidzi amakumbukira kuti kuseri kuli lina labwinopo.