Mutu waung'ono nawo ukulandira nkhonya

Akuluakulu ankati mutu ukakula sulewa nkhonya. Ankanena zoona, koma kompyuta anali asanaione.

Nyengo ya mindandanda ya feteleza ikafika, mlembi wa kalabu ya alimi ku Bolero amatsegula Excel kuti afananitse mayina a mamembala ndi mndandanda wochokera m'kaundula wa pakompyuta. Akaundula ambiri akale amapatsa dzina lililonse malo ofanana. Tinene kuti malowo ndi a zilembo 12. Chikulamayembe, wa zilembo 14, amatuluka ali Chikulamayem. Apa mwambi wagwira ntchito, ngakhale ufumu sunathandize. Livingstonia yekha ndiye wamwayi, amakwana ndendende.

Nanga Gondwe walakwanji? Zilembo zake ndi 6 zokha, choncho makina amadzaza malo otsalawo ndi mipata 6 yosaoneka. Mlembi akuona Gondwe uku, Gondwe uko. VLOOKUP, chofananitsira mayina mu Excel, ikuti #N/A, munthu ameneyu kulibe. Chonsecho a Gondwe ali pakhomo pomwepo, chipewa m'manja, njinga ataitsamiritsa pamtengo.

"Bambo, makina akuti simukupezeka."

"Nanga amene mukuyankhula nayeyu ndi ndani?"

Khalidweli ndi lachikale. Makadi oboola a IBM a mu 1928 anali ndi malo a zilembo 80, ndipo COBOL, chiyankhulo cha makompyuta cha mu 1959, inazolowera kudzaza malo otsala ndi mipata. Mu SQL, CHAR imachitabe zomwezo. Pasipoti yokha ndiyo yachilungamo: m'munsi mwa tsamba la chithunzi muli mizere iwiri ya malo 44, ndipo otsala amadzazidwa ndi <<<< poyera.

Mankhwala ake ndi osavuta moti amakwiyitsa. Pulogalamu yanzeru siyamba kuwerenga kumutu. Imayambira kumchira, n'kumabwerera chammbuyo mpaka itagunda chilembo, n'kudula pomwepo. Ndiyo ntchito ya RTRIM mu SQL, ndipo mu Excel TRIM imathandiza. Wophunzira dzulo amafufuta mipata yonse mwaukali, Vwaza Marsh n'kusanduka VwazaMarsh, vuto limodzi n'kubala lina.

Choseketsa chimathera pamenepo. Wodulidwa dzina amaonekeratu, amakonzeredwa. Wa mchira wosaoneka ndi amene amauzidwa kuti abwere mawa, ndipo mawa la munthu wochokera kumapiri a Phoka ndi ndalama ya kabaza, kupita ndi kubwera. Mlembi aphunzitsidwe TRIM asanapatsidwe chidindo.