Malangizo a ku Nkopola kwa Bwana Amene Wagwa pa Chisankho

Chilengezereni bungwe la MEC pa 24 Seputembala 2025 kuti Peter Mutharika wapeza mavoti pafupifupi 57 pa 100 alionse, Lazarus Chakwera n'kutsalira pa 33, ife a ku Nkopola tasanduka asing'anga a ndale. Aliyense amene anagwapo pa chisankho, ngakhale cha komiti ya mjigo, akusuzumira kuno ngati mchenga wathu uli ndi chizimba. Paja Mutharika atagonja mu Juni 2020 anadzakhala kuno ku PAGE House zaka zisanu, n'kunyamuka ali ndi zaka 85 kubwerera kunyumba ya boma. Ndiye poti mwafunsa, bwana, khalani pamphasapo ndikuuzeni. Malangizowa ndi aulere, koma chambo mugula nokha.

Lamulo loyamba: pezani nyumba ya m'mbali mwa nyanja. Wogonja wokhala ku Area 10 kapena ku Nyambadwe amaoneka ngati lova. Wogonja wokhala pagombe amaoneka ngati akulingalira za dziko, ngakhale akungowerenga mabwato a usipa. Khonde liyang'ane kumadzi, mpanda ukhale wautali, geti likhale lolemera, kuti amene walowamo akamatuluka azitsitsa mawu ngati wauzidwa za ku ndagala. Pakatha chaka anthu adzayamba kunong'onezana kuti bwana akudziwa kanthu.

Lamulo lachiwiri ndiye mutu wa nkhani: musayerekeze kunena kuti mpandowo mukuufunanso. Mawu ake ndi akuti, "Anthu akundipempha." Koma anthu sapempha okha, amafunika minibasi. Konzani zitatu, zitenje mabelo awiri, magavanala angapo odziwa kugwada, ndi mayi mmodzi wa nthungululu yomveka mpaka ku Monkey Bay. Akafika, kanani. Nenani kuti mwatopa, mukufuna kusewera ndi adzukulu. Akabweranso, kananinso, koma mofewa, ngati mlendo wokana nsima atasamba kale m'manja. Ulendo wachitatu usani moyo, yang'anani kunyanja, muvomere chifukwa chokonda dziko. Kumbukirani kuti ogwadawo ndi omwe aja anakuuzani kuti mwawina kale sabata imene munagwa. Musawafunse zimenezo, angachite manyazi n'kupita kukagwadira wina.

Lamulo lachitatu: tsekani pakamwa, amene anakugonjetsani akuchitireni kampeni. Iyi ndiyo ntchito yovuta, poti wandale kukhala chete n'chimodzimodzi kuuza mwera kuti uleke kuwomba. Koma taonani mmene zinayendera. A mgwirizano wa Tonse wa Chakwera analowa ndi lonjezo la feteleza wa K4,495 ndi ntchito miliyoni imodzi. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. Magalimoto anagona pamizere ya mafuta, shuga anabisala, thumba la chimanga linakwera mtengo ngati nyani wothawa agalu. Apa ndileke kaye nthabwala, chifukwa ndi pamene pamandipsetsa mtima. Mayi wogulitsa usipa pamsewu sanavote chifukwa chosowa nkhope ya munthu. Anavotera mtengo wa ufa ndi wa mafuta ophikira. Wobwerera amene aiwale zimenezi adzachoka ndi ndodo yomweyo imene inamenya mnzake.

Zina n'zazing'ono, tingodutsamo. Achinyamata a m'chipani amene ayamba kuyeza mpando wanu ndi maso, atulutseni msanga, monga Kondwani Nankhumwa anatulukira mu DPP mu 2024. Akakufunsani za msinkhu, nenani kuti mawu a akulu akoma akagonera. Za zakale musade nkhawa: Jane Ansah anali wapampando wa MEC pa chisankho cha 2019 chimene khoti linathetsa pa 3 Febuluwale 2020 chifukwa cha zolakwika monga za Tippex, ndipo mu 2025 anasankhidwa kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Mtundu uno umakhululuka msanga kuposa mmene inki ya pachala imafufutikira.

Lamulo lachinayi: musanasoketse zipewa, pemphani mwana wa sukulu akuwerengereni malamulo a dziko. Bakili Muluzi anayesa kutsegula malire a materemu mu 2002, n'kuperewera mavoti atatu okha ku Nyumba ya Malamulo. Atafuna kubwerera mu 2009, MEC inamukana, khoti n'kuvomereza kukanako kutatsala masiku ochepa kuti anthu avote. Ku Zambia, malemu Edgar Lungu atalengeza zobwerera mu 2023 boma linamulanda zonse zimene mtsogoleri wopuma amalandira, ndipo mu Disembala 2024 khoti linagamula kuti sangaimenso. Kuno kwathunso chiyambire 2020 muyenera kuposa theka la mavoti onse. Zowina ndi anthu a kwanu ndi apongozi awo zinatha.

Lamulo lachisanu: werengani mbiri ndi diso limodzi. Lowezani dzina la Hakainde Hichilema, amene anagwa kasanu n'kupambana mu 2021. Lowezani la Michael Sata, amene anagwa katatu n'kulowa mu 2011, ndi la John Mahama wa ku Ghana, amene anachotsedwa mu 2016, n'kugwanso mu 2020, n'kubwerera mu 2024. Chakwera yemweyo anagwa mu 2014 asanalowe. Maina amenewa muziwatchula m'mawa uliwonse musanadye phala. Diso linalo litsinzineni kuti lisaone Gwanda Chakuamba, amene anagwa mu 1999 ndi mu 2004, John Tembo wa 2004 ndi 2009, Atupele Muluzi amene waima katatu, ndi Joyce Banda, amene anachoka pampando mu 2014, n'kudzayesanso mu 2025 osafika mavoti awiri pa 100. Msodzi amakamba za tsiku limene anadzaza bwato. Za miyezi imene anabwera ndi ukonde wong'ambika mumazimva kwa mkazi wake.

Ndiye mubwerere kapena ayi? Bwererani, bwana, ndani angakuletseni, chisankho china chili mu 2030. Pempho langa ndi limodzi. Tsiku lina ndili pa kabaza kuchokera ku boma, mdipiti wa magalimoto akuda a andale ena opita kumsonkhano wa kunyanja unatikankhira m'tchire, ine, wopalasa ndi matumba anga a tomato. Palibe anatsitsa galasi. Madzulo ake chambo chonse chinathera m'mabokosi awo a ayezi, ife n'kudyera bonya. Choncho mukamabwera kudzasinkhasinkha za dziko, uzani oyendetsa anu achepetse liwiro akafika pa Nkopola. Mbuzi zimadutsa pamenepo, ndipo anthu amene mukuti akukupemphani aja ndi omwe akuyenda m'mphepete mwa msewuwo.