Masiku a Mulungu, Masiku a Ngongole

(Kukumveka kusesa pabwalo. Wina akugogoda mwamphamvu pageti la malata.)

PHIRI: Odi kuno! ANambewe, tulukani timvane!

NAMBEWE: Fikani aPhiri. Kwagwanji m'mamawa muno?

PHIRI: Mwana ndinamutumiza kwa inu kuti mumuthandize za mayeso a Fomu 4. Wabwerako akuti agogo ake ndi anyani!

NAMBEWE: Sindinatero ine. Ndinati ife ndi anyani aakulu aja kholo lathu lakalekale ndi limodzi. Ndiye kuti ndi asuweni.

PHIRI: Asuweni? Ondithera chimanga kudimba aja? Chibale chimenecho chithere kwanu konko! Inu mumaimba kwaya ku Katolika, koma mwataya Genesis n'kutola buku la Darwin la 1859. Mulungu analenga masiku 6, lotsatiralo anapuma. Nanga ife a Sabata tikamapuma Loweruka timakumbukira chiyani, ngati sanali masiku enieni?

NAMBEWE: Dzuwa linalengedwa tsiku lachingati, akulu ampingo?

PHIRI: Lachinayi.

NAMBEWE: Ndiye masiku atatu oyambawo kunkacha bwanji? Tambala ankalira ataona chiyani?

PHIRI: Tambalayo anali asanalengedwe! Kuwala kunalipo tsiku loyamba lomwe. Mulungu sabwereka nyali.

NAMBEWE: Funso limeneli linamusowetsa tulo Augustine Woyera zaka 1,600 zapitazo, Darwin kulibe. Papa Pius XII mu 1950 analola kuti ophunzira afufuze ngati thupi la munthu linachokera ku zamoyo zina, bola tivomereze kuti mzimu amaulenga ndi Mulungu mwini. Papa John Paul II anabwerezanso nkhaniyi mu 1996. Wolenga ndi yemweyo, aPhiri. Tikungosiyana pa kalengedwe kake.

PHIRI: Bishopu Ussher wa ku Ireland anawerengera mibadwo ya m'Baibulo, n'kupeza kuti dziko linayamba mu 4004 Yesu asanabadwe.

NAMBEWE: Kwerani basi mukaone Malawisaurus ku nyumba ya zakale ku Karonga. Chilombo chimenecho chili ndi zaka zoposa 100 miliyoni. Ku Uraha komweko, mu 1991, anafukula nsagwada ya munthu wakale ya zaka zoposa 2 miliyoni.

PHIRI: Nsagwadayo anaipeza ndi khadi lake la kusikelo? Zonsezo zinakwiriridwa ndi chigumula cha Nowa!

NAMBEWE: Chabwino. Nanga chloroquine tinamusiyiranji mu 1993? Si kuti tizilombo ta malungo tinasintha, mankhwalawo n'kusiya kupha tizilomboto?

PHIRI: Tinasintha, inde, koma tinakhalabe tizilombo ta malungo. Kalipo kamene kanasanduka mbuzi? Tsono yankhani ichi. Paulo pa Aroma 5 akuti imfa inalowa ndi tchimo. Ngati nyama zinkafa zaka mamiliyoni Adamu asanadye chipatso, imfayo inalowera khomo liti?

NAMBEWE: Apo ndiye mwafunsa za nzeru. Ife timati Paulo akunena za munthu, za kulekana kwake ndi Mulungu, osati za imfa ya ziwala.

PHIRI: Ehe! Mukapanikizika zonse zimasanduka zauzimu.

NAMBEWE: Inunso mukapanikizika zonse mumazikankhira m'chigumula.

(Kachete pang'ono. APhiri akutsokomola.)

PHIRI: Ndimvetse bwino, mayi. Mukuti tsiku limodzi likhoza kukhala zaka mamiliyoni?

NAMBEWE: Tsopano mutu wayamba kugwira.

PHIRI: Zikomo kwambiri. Ndiye K20,000 ya feteleza ija, ndinati ndibweza pakatha masiku 6. Mwa kuwerenga kwanuko, tikadali m'bandakucha wa tsiku loyamba.

NAMBEWE: Aaa, ayi! Pa ngongole tsiku ndi maola 24! Kwada, kwacha, latha!

PHIRI: Aleluya! Mwatembenuka mtima! Loweruka ndikusungirani malo kutsogolo.

NAMBEWE: Ndalama zanga, aPhiri! Lero ndi tsiku lachisanu ndi chiwiri!

PHIRI: Lachisanu ndi chiwiri? Pepani mayi, limenelo sindigwira ndalama.

(Tsache likuuluka n'kumenya geti. Mapazi akuthawa. Nyimbo.)